Ofu ya Amayi Inathera ku Wales

Ndikukumbukira fungo la m'galimoto ya a Carol: mafuta opaka m'mawondo a bambo awo, masangweji a mazira amene anayamba kufunda tisanatuluke n'komwe mu Leicester, ndi sopo wa kunyumba ya okalamba amene sankachoka m'manja mwa amayi ngakhale asambe kangati. Chinali chilimwe cha 2018, chija kunatentha mpaka udzu wa mu Braunstone Park unauma n'kufiira ngati bwalo la mpira la ku Zingwangwa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kuno ndinali nditangokhalako chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka.

Amayi anachoka ku Malawi ndili ndi zaka zinayi. Amene anandilera ndi azakhali anga ku Zingwangwa, ndipo amayi ndinkawadziwira pa foni ya Lamulungu masana ndi katoni ya zovala ikamayandikira Khirisimasi. Nditabwera kuno ndinapeza munthu amene nthawi zambiri ndinkamuona ali mtulo. Ankagwira manaiti kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo masana ena ankayenda ndi ejensi, khomo ndi khomo, kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba zokhala zokha. Ndikaweruka kusukulu ndinkatsegula chitseko pang'onopang'ono, kuvula nsapato pakhomo, kuyatsa TV popanda mawu. Tinkakhala nyumba imodzi koma tinkapatsana moni ngati anthu okumana pa siteji ya basi. Sitinkakangana. Kukangana kumafuna mphamvu, ndipo amayi sankabwera nazo zotsala.

Chaka chonsecho ndinawapempha chinthu chimodzi chokha. Anzanga a m'kalasi ankabwerako ku holide mphuno zitasupuka ndi dzuwa, akusimba za ku Skegness, ndipo ine ndinkafuna kuiona nyanja yamchereyo ndi maso angawa. Yankho linali limodzi: "Ndikapeza ofu." Ofuzo zinkapezeka ndithu, zolembedwa ndi bolopeni pa kalendala ya kukhitchini, koma tsiku likamayandikira foni inkalira. Wina wadwala, wina mwana wake watentha thupi, ndiye amayi ankapita kukakhavala, kukagwira m'malo mwa mnzawoyo. Ndinasiya kufunsa. Ndiye Lachinayi lina, akumanga zingwe za nsapato pakhomo, anangoti, "Loweruka tikupita ku Wales. Kuli paki ya boma, nkhalango ndi nyanja zili komweko. Utenge juzi." Paki ya boma imene ndinkaidziwa ine inali ya ku Liwonde, kumene tinapita ndi sukulu ndili Sitandade 4 n'kuona mvuu zikuyasamula. Ndinafunsa ngati kulinso njovu. Anati ndikaonera komweko, n'kuthamangira basi.

Lowerukalo anafika kuchokera ku naiti itangodutsa seveni. Sanagone. Anangosukusula, kuvula yunifolomu n'kuvala diresi yamaluwa ya kutchalitchi. Diresiyo inandisangalatsa. Kenako ndinawaona akulongedza m'chikwama magolovesi, timatawulo tonyowa topukutira, chitenje ndi matewera a akuluakulu, ndipo chimwemwe chonse chinangoti zii. Panja panaima galimoto yaikulu yotuwa, wilitcheya itapindidwa kumbuyo. Kutsogolo kunakhala nkhalamba yowonda, itavala chipewa ndi jekete pa kutentha konseko.

Anali a Emrys, mmodzi mwa anthu amene amayi ankawasamalira kudzera ku ejensi. Zaka zawo zinkayandikira makumi asanu ndi anayi. Anabadwira pafamu ya nkhosa m'mapiri a ku Wales, n'kubwera ku Leicester ali mnyamata kudzagwira ntchito mufakitale yoluka masokosi, osabwereranso. Mutu unali utayamba kuwathawa, ndipo chaka chonsecho ankangofunsa kuti kwawo apita liti. Woyendetsa anali mwana wawo, a Carol, mayi wa imvi amene nawonso ankatsimphina. Okha sakanatha kuwanyamula bambo awo ulendo wautali chotero, ejensi inali itakana, ndiye anawapempha amayi mwamseri. Amayi anavomera atamva kuti ine ndikhoza kutsagana nawo. Zonsezi ndinazimva pambuyo pake. Tsikulo ndinangokhala kumbuyo, nkhope ku windo.

"Ndiye ndi ntchito," ndinatero m'Chichewa kuti kutsogoloko asamve.

"Ndi ulendo."

"Ulendo wa matewera."

Amayi anandiyang'ana ndi maso ofiira aja a munthu wosagona. "Usandichititse manyazi, Tamanda." Ndinabwezera nkhope ku windo mpaka kupitirira Birmingham.

Ulendowo unali wa maola anayi, ndipo amayi sanagonepo mphindi khumi zondondozana. Mutu wawo ukangoyamba kupendekera ku windo, a Emrys ankaitana, "Esinati, uli kuti?" Amayi ankadzambatuka, kuwagwira phewa kuchokera kumbuyo, kuwauza kuti alipo. Kenako madzi akumwa, kenako lamba wawathina, kenako chipewa chasowa pamene chili kumutu. Titaima pamalo opumira a m'mbali mwa msewu waukulu, amayi anawatsitsa a Emrys, kuwakhazika pa wilitcheya n'kulowa nawo kuchimbudzi cha olumala. Anakhalamo nthawi yaitali. A Carol anandigulira ayisikilimu n'kumandifunsa za kusukulu, ine n'kumayankha kuti inde ndi ayi. Ayisikilimuyo inali yokoma, ndipo zinandipweteka kuti inali yokoma, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti tsikulo palibe chindisangalatse.

Titalowa m'dziko la Wales zikwangwani zinayamba kulembedwa m'zilankhulo ziwiri. A Emrys anawongoka pampando n'kumaziwerenga mokweza, mawu odzaza ndi kukhosi ndi mpweya wa m'mbali mwa lilime, ngati munthu akuuzira phala lotentha. Sanabwererenso bwinobwino ku Chingerezi. A Carol ankangoti, "Inde, adadi," kenako anatiuza kudzera pagalasi kuti palibe chimene akumva, chifukwa chilankhulocho bambo awo sanawaphunzitse. Pakiyo ndinaidutsa osadziwa kuti talowamo. Kunalibe geti, kunalibe mlonda wa mfuti, kunali mwala chabe wolembedwa dzina m'mbali mwa msewu. Mapiri anali odulidwadulidwa ndi mipanda yamiyala, ndipo paliponse panali nkhosa zopakidwa penti wofiira kapena wabuluu kumsana. Imodzi inagona pakati pa msewu, ikubzikula, osasamala za hutala.

"Njovu zako zija ndi zimenezo," anatero amayi. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Nkhomaliro tinadyera m'nkhalango. Nditangotsika m'galimoto kuzizira kunandikuta m'miyendo ngati ndalowa m'madzi. Mitengo ya paini inali yaitali, yothithikana, ndipo fungo lake linali lomwe lija la pamwamba pa phiri la Zomba. Kumunsi kwake kunali mitengo ina yakale, yokhotakhota, itavala ndere zobiriwira mpaka kunthambi, ndi kamtsinje ka madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinaviikamo dzanja mpaka zala zinachita dzanzi. Nditabwerera pa tebulo lamatabwa ndinapeza amayi akuphwanya mapiritsi ndi supuni, kuwasakaniza mu yogati n'kumawadyetsa a Emrys pang'onopang'ono, kwinaku akuwaingitsira tizilombo tating'ono timene tinkatiluma m'makutu. Nkhalambayo inkatseka pakamwa ngati mwana, n'kumaloza mitengo ndi ndodo kuti kale kunalibe paini kuno, kunali busa. Pamene amayi ankati agwire sangweji yawo, tiyi wa mu fulasiki anali atazizira ndipo a Carol anali ataliza kale galimoto.

Famu ya a Emrys tinaipeza movutikira, kumapeto kwa kamsewu kopapatiza moti udzu unkakhula galimoto mbali zonse ziwiri. Nyumbayo inalipo, koma inali itasanduka yobwereketsa kwa anthu apaholide. Anaiika chitseko chachikulu chagalasi, bafa lozungulira panja, ndi geti lotsegula ndi manambala. Pachingwe panali zovala zosambira za ana. A Emrys anaiyang'ana kanthawi n'kunena kuti si pano. A Carol anaumirira kuti ndi pomwepo, anawaonetsa chithunzi chakale chimene anabwera nacho, anawalozera chumuni ndi mtengo wa pakona. Nkhalambayo inamenya ndodo pansi m'galimoto, n'kukalipa kuti asawapusitse, kwawo akukudziwa. A Carol anagwira chiwongolero ndi manja awiri, khosi litafiira. Amayi ndi amene anati, mwa mawu otsika aja a kuntchito, "Chabwino, Bambo Emrys, si pano. Tiyeni tikafunefune kutsogoloku."

Kutsogoloko kunali nyumba ina yapafamu imene a paki anaisunga mmene inalili kalekale kuti anthu aziona. Inali yamiyala, yaifupi, mkati muli mdima ndi fungo la mwaye. Amayi atangoilowetsa wilitcheya pakhomo, a Emrys anavula chipewa n'kunena kuti eya, pano. Palibe anawatsutsa. Mayi wina wachikulire amene ankaonetsa alendo anawalonjera m'chilankhulo chija, ndipo awiriwo anayamba kucheza ngati anachezera limodzi dzulo kumaliro amodzi. A Emrys ankaseka, mano awiri okha akuonekera. A Carol anaima pambali atakumbatira chikwama, akuyang'ana pakamwa pa bambo awo.

Ine ndinkazungulira n'kumaona zinthu zimene anazitchinga ndi chingwe: nyali yagalasi, mphika wa miyendo itatu, beseni lamalata, chikwakwa. Chilichonse chinali ndi kapepala kofotokoza kuti anthu akale ankachigwiritsa ntchito bwanji. Zonsezo kwa azakhali zinalipo, ndipo palibe ankazilembera kapepala. Kenako mayi uja ananyamula simbi yamakala n'kufunsa ana amene analipo ngati wina akuidziwa. Ana achizungu anati ndi boti, wina anati ndi chotsekera chitseko. Pakamwa panga panangotseguka pokha. Ndinati ndi yositira, makala amalowa apa, umaigwedeza uku ndi uku kuti ayake, ndipo usanaiike pa malaya umauzira phulusa kuti lisakudetsere. Mayiyo anadabwa n'kufunsa ngati ndinawerenga m'buku. Anthu onse ankandiyang'ana. Ndinati inde, m'buku. Simbi ngati imeneyo ndinkasitira yunifolomu yanga Lamulungu lililonse mpaka chaka chapitacho, ndipo chipsera chake ndili nacho pamkono mpaka lero. Amayi anamva. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuwerama kuwakonzera a Emrys bulangete la m'miyendo.

Potuluka mmenemo nthawi inali itadutsa folo. A Carol anati tiyambepo, msewu ndi wautali. A Emrys anakana. Anati iwo ndi mkulu wawo akamaliza kumweta udzu wa ziweto ankatsikira kunyanja, kukwera zitunda zamchenga n'kukasamba, ndiye sachoka asanaione nyanjayo. Aka kanali koyamba tsiku lonselo kuti ine ndi nkhalambayo tifune chinthu chimodzi. A Carol anayang'ana amayi. Amayi anapukuta kumaso ndi dzanja n'kunena kuti tiyeni, tafika kale.

Sindinkadziwa kuti mchenga ungaunjikane chotero. Kuchokera poimika galimoto, kutsogolo konse kunali zitunda, china kuseri kwa chinzake, zina zazitali kuposa nyumba yathu ya ku Braunstone, zitamera udzu wolimba wosongoka umene unkabaya m'akakolo. Panali kanjira kamatabwa kolowera pakati pake. Amayi ankakankha wilitcheya, matayala akulira gudugudu pamatabwapo, ine ndili patsogolo, a Carol akutsimphina m'mbuyo. M'zigwa za pakati pa zitundazo munalibe mphepo, dzuwa linkangowotcha kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe. Tinayenda mpaka pamene matabwa anathera, atakwiririka ndi mchenga. Matayala analowa mpaka theka. Tinayesa kukoka chambuyo, tinayesa kunyamula kutsogolo tonse atatu, koma wilitcheyayo inangotitimira. Nyanja tinkaimva, ikuwomba ngati malole odutsa patali, ndipo fungo lake la mchere ndi zomera zowola linkatipeza. Chinatsala chinali chitunda chimodzi.

"Basi, adadi, tayesetsa," anatero a Carol.

Ndinkayembekeza kuti a Emrys akalipa ngati kufamu kuja. Sanakalipe. Anaika manja pamawondo, n'kuyang'ana mchengawo, n'kunena m'Chingerezi kuti chabwino. Amayi anaima manja ali m'chiuno, diresi ya kutchalitchi itamatirira kumsana ndi thukuta. Anachiyang'ana chitundacho nthawi yaitali, ngati mmene ankayang'anira masitepe a kunyumba akamachokera ku naiti. Kenako anavula nsapato, n'kutulutsa chitenje m'chikwama.

"A Carol, foni yanu ikhale m'chikwama," anatero. "Ku ejensi akangoona izi, ntchito yanga yathera pomwepo."

Lamulo la ntchito yawo linali loti munthu sumunyamula ndi thupi lako, pali makina ake. A Carol ankalidziwa. Anati ayi, Esinati, msana wanu, simunagone, zisiyeni. Amayi anangoti tayenda maola anayi, sabwerera pamenepa. Ananjuta pansi atafulatira wilitcheya n'kundiitana. "Gwira m'khwapamu, usakoke mkono, khungu lawo silichedwa kung'ambika." Ine mbali iyi, a Carol mbali inayo, tinawasendeza a Emrys mpaka chifuwa chawo chinagona pamsana pa amayi. Amayi anaponya chitenje, kuchikokera pansi pa matako a nkhalambayo, kuchimanga pachifuwa kawiri, n'kudzuka pang'onopang'ono atagwira bondo. Miyendo ya a Emrys inkalendewera mbali zonse, buluku litakwera, misongolo yoyera ngati chinangwa chosenda ikuonekera pamwamba pa masokosi. Anang'ung'udza kuti iwo si thumba la ubweya, koma manja anawakoleka m'khosi mwa amayi.

Kukwera mchenga n'kowawa ngakhale usananyamule kanthu. Ukaponda kamodzi, phazi limabwerera theka. Amayi ankakwera atawerama, zala za kumapazi zikukumba, mpweya ukutuluka ndi kaphokoso kamene sindinawamvepo. Ine ndinali m'mbuyo, ndikukankha a Emrys ndi manja awiri, nkhope yanga ili pafupi ndi jekete lawo lonunkha mankhwala a njenjete. A Carol ankabwera kutali atanyamula ndodo ndi chipewa. Bambo wina ndi mkazi wake amene ankayenda ndi galu anaima n'kumatiyang'ana pakamwa pali yasa. Chapakati amayi anagwa ndi bondo limodzi n'kunena kuti mayo, motsitsa. Ndinati titsike. Anati ndikhale chete, ndidikire. Anapuma katatu kapena kanayi, n'kudzukanso.

Ndinene zoona, chimene ndinkamva pamenepo sichinali chisoni. Inali nsanje. Msana umenewo unandiberekapo, anthu amatero, koma ine sindinkakumbukira. Ndinkakumbukira wa azakhali. Ndiye ndinali pamenepo, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndikukankha matako a nkhalamba ya eni, ndikuichitira nsanje kuti yapeza malo anga.

Pamwamba mphepo inatimenya kumaso, yozizira, yonyowa. Nyanja inali apo, yotuwa chakufupi, yonyezimira chakutali moti maso ankawawa, ndipo gombe linali lalitali mbali zonse popanda nyumba ngakhale imodzi. Tinamasula chitenje n'kuwakhazika a Emrys pamchenga, a Carol atakhala kumbuyo kwawo kuti awatsamire. Nkhalambayo inayamba kuloza mapiri a tsidya lina la gombe n'kumawatchula mayina limodzi limodzi. A Carol ankabwereza dzina lililonse, molakwitsa, bambo awo n'kumawakonza mokalipa. Amayi anati, "Pita ukawaponde madziwo." Ndinatsika chothamanga, mchenga ukundithira m'kabudula. Madziwo anali ozizira mpaka mafupa a m'mapazi anawawa. Ndinalawa pang'ono kuti nditsimikize za mcherewo, ndinatola zigoba zitatu, ndinaimirira funde likundikumba pansi pa zidendene. Chinthu chimene ndinachidikira chaka chonse chinanditengera mwina mphindi khumi. Nditatembenuka ndinaona anthu awiri okha atakhala pamwamba paja, ndiye ndinabwerera.

Amayi anali atagona chagada pamchenga, manja atatambasula, maso otseka. Mchenga unali m'tsitsi, m'makutu, m'mapindiro a diresi. Ndinakhala pambali pawo. Ndinkaganiza kuti ali mtulo, koma analankhula osatsegula maso.

"Ndatopa, mwanawe. Ndatopa mpaka m'mafupa."

Sanali atandiuzapo zimenezo. Nthawi zonse ndikawafunsa ankati ali bwino, ndikawerenge. Ndinavula juzi imene ndinaimanga m'chiuno n'kuwatchinga nayo kumaso kuti dzuwa lisawawombe. Kenako ndinaona mapazi awo. Anali otupa, akakolo osaoneka, zidendene zong'ambika, chikhadabo chimodzi chakuda. Ndinawasansa mchenga n'kuyamba kuwatikita monga ndinkachitira ndi azakhali akabwerako kumsika wa ku Limbe, chala chachikulu pakati pa phazi, kukwera mpaka ku katumba. Amayi anati, "Anakuphunzitsa bwino azakhali ako." Pasanapite nthawi anayamba kuliza mkonono, pakamwa patatseguka. Anagona mwina theka la ola. Ndinaona a Carol akuyang'ana wotchi kawiri, koma sanawadzutse, ndipo a Emrys atayamba kuitana kuti Esinati ali kuti, a Carol anawauza kuti akupuma, muwasiye.

Potsika sanawaberekenso. Bambo wa galu uja anabwerera ndi mnzake, n'kulukanitsa manja ngati mpando, n'kuwatsitsa a Emrys mpaka pa wilitcheya mosavuta konse. Amayi anadzuka mogwirira ine. Pansi paja analephera kuwerama, ndiye nsapato ndinawaveka ndine. Pobwerera anakhala chowongoka ngati thabwa, atagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko, ndipo galimoto ikadumpha pa bampu ankatseka maso. A Emrys anagona njira yonse. Lolemba m'mawa amayi anamwa mapiritsi opha ululu, anamanga chitenje chomwecho mothina m'chiuno mkati mwa yunifolomu, n'kupita kukakwera basi. Ku ejensi sanamve kanthu. Sabata isanathe a Emrys anali ataiwala ulendo wonsewo, ndipo anayambiranso kufunsa kuti kwawo apita liti. Amayi ankawayankha kuti posachedwa. A Emrys anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. A Carol anabwera kwathu ndi maluwa, anakhala pa sofa osavula jasi, n'kulira pang'ono. Sitinaonanenso.

Pano ndikuphunzira unamwino, ndipo sabata yoyamba yeniyeni anatiphunzitsa za kunyamula odwala. Pali makina okweza munthu pabedi, malamba, nsalu zoterera, ndipo pamafunika anthu awiri ndi kusaina. Mphunzitsi anatiuza kuti msana uli umodzi, palibe wodwala amene angakubwezere. Ndimavomereza ndi mtima wonse. Ndikamuona mnzanga akufuna kudzutsa munthu yekha chifukwa makina ali ku wodi ina, ndimamuletsa, ndipo ndimalimbikira. Atsikana amene akubwera masiku ano kuchokera kumudzi kudzagwira ntchito imeneyi ndimawauza zomwezo tikakumana kutchalitchi, ngakhale ndimaona m'maso mwawo kuti akundiona ngati mwana wokulira kuno amene sadziwa mmene zinthu zimakhalira ukatsala wekha pa shifiti.

Amayi anasiya manaiti zaka zitatu zapitazo, osati mwa kufuna kwawo. Amati msanawo sunawonongeke tsiku limodzi, unkatha pang'onopang'ono m'mabafa ndi m'masitepe a anthu a mu Leicester yense, ndipo mwina akunena zoona. Tsiku lina ndikuwaperekeza ku fiziyo, kokawongoletsa msana, ndinawafunsa ngati atati abwerere pa chitunda chija angachitenso zomwezo. Sanaganize n'komwe. Anati ayi, chinali chibwana, akanangowapempha abambo a galu aja poyamba pomwe, koma masiku amenewo sankadziwa kuti mzungu wodutsa ungamuimitse n'kumupempha thandizo. Anaseka, kenako anagwira m'chiuno chifukwa kusekako kunawapweteka. Titafika ndinazungulira galimoto, kuwatsegulira chitseko, kuwauza kuti atulutse kaye miyendo yonse iwiri, aike dzanja apa, tiwerenge mpaka katatu. Anadzuka pang'onopang'ono atandikoleka mkono, akung'ung'udza njira yonse mpaka pakhomo kuti ndisamawagwire ngati kasitomala wa ejensi.